Momwe mungatetezere wachinyamata wa ulumali wa muubongo ku mowa, chamba ndi milandu muno mu Lilongwe

Makolo ambiri amene akulera mwana wa ulumali wa muubongo amayenda bwino mwanayo akadali wamng'ono. Zinthu zimavuta akafika zaka 17, 18, 20. Sukulu anasiyira panjira, anzake amene ankasewera nawo mpira wachikulunga ena ali kukoleji, ena anakwatira, iye watsala yekha pakhomo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Tsiku lina akubwera akununkha kachasu. Tsiku lina foni yasowa m'nyumba. Kenako mukuitanidwa kupolisi kuti wapezeka ndi mita ya madzi m'chikwama, yomwe mwiniwakeyo sakudziwa n'komwe kuti yachokera kuti. Mumakalipa, mumakhoma geti, mumapita naye kumapemphero, koma sabata isanathe zayambiranso.

Timalephera chifukwa timalimbana ndi botolo, pomwe chomukokera kumeneko ndi anthu. Pa shabini ndi pamene amamuitana kuti "aise", kumupatsa benchi, kuseka naye. Kunyumba amangomva "usagwire", "tachoka apo", "iwe sungathe". Munthu wa zaka 20 amafuna anzake, ntchito ya manja ake ndi kandalama m'thumba, ndipo amene angamupatse zimenezi ndi amene adzamumvere, kaya ndi inu kaya ndi anyamata a pamlatho aja. Malangizowa ndi a mayi, bambo, agogo, azakhali kapena achimwene amene akusamala wachinyamata yemwe kuyambira ali wamng'ono amachedwa kugwira zinthu: kuwerenga, kuwerengera chenji, kuzindikira kuti munthu akumupusitsa. Ameneyu si wamisala. Amaphunzira ndithu, kungoti amafuna kumubwerezera kambirimbiri ndi kumuonetsa ndi maso.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kope limodzi ndi cholembera, losalembamo zina.
- Buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa.
- Chiphaso chake cha unzika, ndi fotokope yake imodzi.
- Kakhadi kakang'ono koti mukakutitse pulasitiki kuti kasanyowe.
- Ndalama zenizeni zophunzitsira: K100, K500, K1,000, K2,000 ndi K5,000.
- Kabotolo ka midoli kopanda kanthu, paketi ya fodya yopanda kanthu, chikwama chakale ndi foni yakufa. Izi n'za sewero.
- Foni yamabatani yotchipa, yoti ikasowa musadandaule kwambiri.
- Anthu atatu akuluakulu amene iye amawakonda komanso inu mumawakhulupirira, ndipo mmodzi asakhale wa m'nyumba mwanu.

1. Dziwani kumene tsiku lake limathera

Kwa masabata awiri musaletse chilichonse. Ingoonani ndi kulemba m'kope: wachoka nthawi yanji, wabwera nthawi yanji, anali ndi ndani, ananyamula ndalama zingati, wabwera ndi chiyani. Tsiku lina mumuuze kuti, "Tandiperekeze ndikaone kumene umacheza," ndipo muyende naye mosakalipa. Mwina akufikitsani pa siteji ya akabaza, pa puulu, pa vidiyo, pamalo obetcha mpira, kapena adutsa nanu mpaka kudepoti ndi kumsika wa Tsoka. Onani amene akumuitana ndi dzina, ndipo makamaka amene akumutuma. Womutuma ndiye woyenera kumudziwa bwino.

Maso ofiira, fungo, njala yachilendo ndi tulo ta masana aliyense amazidziwa. Chimene makolo ambiri amachiphonya ndi mphatso. Wachinyamata wosagwira ntchito akabwera ndi kapu yatsopano, mayunitsi, chipisi tsiku ndi tsiku, pali wina amene akuikiza, ndipo adzafuna kubwezeredwa. Mawu akuti "mnzanga anati ndisanene" akangotuluka, dziwani kuti nkhani yafika patali.

Chenjezo: musafunse kuti, "Ukusuta chamba eti?" Anthu ambiri a ulumali umenewu amayankha kuti eya pofuna kukondweretsa wofunsayo, kapena ayi chifukwa cha mantha, ndipo yankho lililonse silikuuzani zoona. Funsani zoti afotokoze yekha, makamaka mukuchita naye kantchito: "Lero munadya chiyani ndi anzako? Anagula ndani? Ndiye kenako munapita kuti?"

2. Pitani naye kuchipatala

Achinyamata ena a ulumali wa muubongo amakhalanso ndi matenda akugwa, ndipo amamwa mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate. Mowa sugwirizana ndi mankhwalawa. Umawonjezera tulo ndi chizungulire, umamuiwalitsa kumwa mapilitsi, ndipo kugwa kumachuluka, makamaka mowa ukamatha m'thupi m'mawa mwake. Chamba nacho kwa ena chimayambitsa mantha, kumva mawu a anthu osaoneka ndi kukayikira aliyense. Tengani buku lake mupite kuchipatala cha m'dera lanu, kaya ndi ku Kawale, ku Area 18, ku Area 25 kapena ku Bwaila, mukawauze adokotala zonse zili m'kope muja osabisa. Apempheni kuti amufotokozere iye mwini m'mawu ochepa. Mawu a dokotala nthawi zina amalowa pamene a mayi akanika.

Apempheninso alembe m'bukumo momveka bwino kuti ali ndi ulumali wa muubongo. Mzere umodzi umenewu udzakuthandizani kwambiri tsiku limene mudzafunike kufotokozera apolisi kapena khoti.

3. Dzazani tsiku lake, makamaka masana

Ngozi yaikulu ili pakati pa nkhomaliro ndi mdima, nthawi imene inu muli kuntchito kapena kugeni, ana ali kusukulu, ndipo m'dera mwatsala anthu osowa chochita. Musayambe ndi kumuletsa kupita kwa anzake akalewo. Yambani ndi kumupezera kwina kopita, kumene akumudikira.

Ikhale ntchito yeniyeni, yoti iye akapanda kubwera wina adandaule. Kusalaza matabwa kwa kalipentala wa pafupi, kuthirira mbewu pa nazale ya mitengo, kudyetsa nkhuku ndi kutola mazira, kutsuka magalimoto, kulongedza mazira kapena shuga pa okala ya azakhali ake, kusenda mbatata kwa wachipisi amene mumamudziwa. Kambiranani ndi mwini malowo inu nomwe: agwira masiku ati, alandira zingati, azimuuza chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo ngati sanafike akuimbireni. Ndalama ikhalepo ngakhale yochepa. Munthu amene amalandira kanthu Loweruka amayenda mosiyana ndi wongopatsidwa, ndipo K500 ya anyamata otuma anzawo kukaba siimukoka chimodzimodzi.

Fufuzaninso kwa amene ntchito yawo ndi yomweyi. Bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA, lomwe linalowa m'malo mwa MACOHA pansi pa lamulo la anthu aulumali la 2024, lili ndi sukulu yophunzitsa ntchito zamanja ya Lilongwe Vocational Training Centre. Bungwe la PODCAM limasonkhanitsa makolo a ana aulumali, ndipo makolo anzanu ndi amene amadziwa mmisiri woleza mtima m'dera lanu. A Special Olympics Malawi amachititsa masewera a anthu a ulumali wa muubongo. Ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Lilongwe akhoza kukulozerani zina. Osaiwala kwaya, gulu la achinyamata kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi timu ya mpira ya m'dera, ngakhale atakhala wonyamula madzi ndi mayunifomu. Kumeneko n'kumene angapeze munthu wa msinkhu wake womutcha mnzake, chinthu chimene inu monga kholo simungamupatse ngakhale mutamukonda bwanji.

Jambulani ndondomeko ya tsiku pa pepala ndi zithunzi, muimate pakhoma: kusamba, tiyi, ntchito, nsima, mpira, kubwera kunyumba. Ngati sawerenga wotchi, nthawi yobwerera ikhale ya chinthu chooneka kapena chomveka, monga "dzuwa lisanalowe", "ukamva azana ya madzulo", kapena alamu ya pafoni.

Chenjezo: samalani ndi maganyu a pamalo omwera mowa, monga kutunga madzi, kutola mabotolo ndi kuwaza nkhuni kwa ophika kachasu. Malipiro a kumeneko nthawi zambiri amakhala a mu kapu. Chimodzimodzi kutolera zitsulo zakale: lero ndi chitini cha kudzala, mawa amutuma kukazula chitsulo cha pampanda wa munthu, waya wa magetsi kapena mita ya madzi, iye osasiyanitsa.

4. Phunzitsani kukana pochita sewero

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene makolo ambiri amadumpha. Timamukhazika pansi n'kumulangiza kwa ola lathunthu za kuipa kwa mowa, iye n'kumagwedeza mutu, ife n'kuganiza kuti zalowa. Mawa lake mnzake akungoti "talawa pang'ono" basi walawa. Sikuti ndi wosamvera. Mawu amene anamva pa mkeka sagwirizana m'mutu mwake ndi botolo limene lili pamaso pake. Kukana kuli ngati kupalasa njinga, kumaphunziridwa ndi thupi.

Sankhani mawu amodzi afupiafupi, ndipo musamawasinthe. Mwachitsanzo: "Ayi, ndimamwa mankhwala." Kapena: "Ayi, akundidikira kunyumba." Akanena, atembenuke n'kuyenda. Kutembenukako n'kofunika kuposa mawuwo, chifukwa akangoima n'kuyamba kukambirana, amugonjetsa.

Tsopano chitani sewero. Mchimwene wake kapena msuweni atenge kabotolo kaja, akhale ngati mnzake wa pa puulu:

"Aise, tabwera. Tamwako pang'ono."

"Ayi, ndimamwa mankhwala."

"Aaa, iwe ndiwe mwana eti? Amuna amamwa."

"Ayi, ndimamwa mankhwala."

"Ndiye ubwenzi watha, usadzabwerenso kuno."

Apa iye atembenuke, ayende mpaka pageti, atulutse foni, aimbe nambala yoyamba. Inu muyankhe ndithu foniyo ngakhale muli pa khonde pomwepo, mumuyamikire mokweza: "Wachita bwino, wakana ngati munthu wamkulu." Mawu akuti "munthu wamkulu" musawasiye, chifukwa anzake aja akumuuza kuti ukulu uli m'botolo.

Mphindi khumi zakwana, katatu kapena kanayi pa sabata. Akazolowera, sinthani munthu wonyengererayo: lero mwamuna, mawa mtsikana womwetulira, tsiku lina munthu wachikulire wovala bwino, chifukwa iye amaganiza kuti woipa amaoneka nkhope. Sinthaninso malo. Chitani pa khonde, kenako pamsewu, kenako pafupi ndi malo enieni amene amakumana ndi zimenezi. Chimene waphunzira m'nyumba sachinyamula yekha kupita nacho kumsika, mumachita kumuperekeza nacho. Sinthaninso chinthucho: botolo, ndudu yopichira, mapilitsi, mankhwala a chifuwa osakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, guluu wonunkhiza, chakumwa chotsegula kale. Muonetseni zinthuzi ndi maso kapena pa chithunzi, chifukwa mawu akuti "mankhwala ozunguza bongo" kwa iye alibe nkhope.

Chenjezo: wochita seweroyo asamakhale wofatsa mopitirira. Anyamata enieniwo amanyoza, amanyengerera, amagwira paphewa. Yambani mofewa, koma pang'onopang'ono muzifika pamene zimafikadi. Ndipo akalephera musewero musamuseke kapena kumukalipira. Nenani kuti "tiyeni tibwereze" basi.

Pali chinanso chovuta kumva: ngati kunyumba saloledwa kukana chilichonse, kunja sadzakananso. Mwana amene anaphunzitsidwa kuti wamkulu aliyense akatuma umangothamanga ndi amene akuba amamufuna. Mulekeni azisankha malaya ovala, azikana ndiwo imene saifuna, azinena kuti "ndatopa". Ulemu aupitirize, koma adziwe kuti "ayi" wake amamveka.

5. Mupatseni malamulo anayi okha

Malamulo akachuluka onse amatayika. Awa ndi amene amatseka njira zimene achinyamata otere amalowera m'milandu:

Sindinyamula chikwama cha munthu ndisanaone zamkati ndi kufunsa kunyumba.

Sindisunga kapena kugulitsa foni, njinga kapena katundu wa munthu wina.

Sindiimirira pakona kuonera anthu kuti "ukaona munthu uimbe likhweru".

Sindipereka chiphaso changa, kusaina kapena kudinda chala popanda wa kunyumba.

Lililonse lichitireni sewero ngati mmene munachitira ndi botolo, pogwiritsa ntchito chikwama chakale ndi foni yakufa ija. Mufotokozereni chifukwa chake m'mawu amodzi: "Apolisi amagwira amene wanyamula." Ndi zoona. Pamalamulo a dziko lino, wopezeka ndi katundu wobedwa amayankha mlandu, ndipo wolondera pamene anzake akuthyola nyumba amatengedwa ngati wathyola nawo. Chamba nachonso musamusokoneze nacho: lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo ali ndi chilolezo, koma kusuta kapena kupezeka nacho m'thumba ndi mlandu mpaka lero. Anzake akamuuza kuti "boma linavomereza", adziwe kuti akumunamiza.

Lamulo lachinayi lija anthu amalipeputsa. Masiku ano simu khadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo akuba a pafoni amasaka anthu oti alembetse manambala m'dzina lawo. Ndalama zikabedwa pa nambala imeneyo, dzina lotuluka ndi la mwana wanu. Chiphaso chenicheni chizikhala kunyumba pamalo amene iye akuwadziwa, aziyenda ndi fotokope.

6. Ndalama ndi foni

Musamulande ndalama zake zonse, ndipo musamusiyire zonse. Tsiku lolandira khalani naye pansi, muyale ndalamazo pa tebulo, muzigawe milu itatu iye akuona: ya sopo ndi zofunika, yosunga, ndi ya m'thumba. Ya m'thumbayo azitenga pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndalama zing'onozing'ono. Yosungayo ikhale ndi cholinga chimene wasankha yekha, kaya nsapato, jezi ya timu yake kapena wailesi, ndipo chithunzi chake chimatidwe pa chitini. Phunzitsani chenji ndi ndalama zenizeni pa okala ya munthu wodziwana naye.

Pafoni ikani manambala a anthu atatu aja poyambirira, ngati n'kotheka oti akangodina batani limodzi iyimbe. Pini ya Airtel Money kapena Mpamba asauze munthu, ndipo mu akauntimo musamakhale ndalama zambiri. Za kubetcha mpira ndi katapila muziyang'anitsitsa: ngongole ya K2,000 ndi imene imasanduka chingwe chomukokera kuti "ukatibweretsere foni ya mayi ako tithane".

7. Kambani za thupi ndi chibwenzi

Nkhani iyi timaizemba chifukwa cha manyazi, koma milandu yoopsa kwambiri imachokera pano. Ngati inu simungathe, tumani amalume kwa mnyamata, azakhali kwa mtsikana, koma alankhule mosazungulira. Miyambi ndi zining'a za kuchinamwali iye sazimva.

Mnyamata wa zaka 22 amene maganizo ake amagwirizana ndi ana a zaka 12 amakonda kucheza ndi anawo, ndipo apa pali ngozi kwa anawo ndi kwa iye. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Amve momveka: sagwira thupi la munthu amene sanalole, salowa m'nyumba kapena m'bafa ndi mwana awiriwiri, savula pagulu, ndipo zimene anzake amamuonetsa pafoni si zoti akayesere pa munthu. Mtsikana amve kuti mwamuna womugulira chipisi, mayunitsi kapena chakumwa alibe ufulu pa thupi lake, kuti salowa m'galimoto kapena m'chipinda cha munthu, ndipo kuti akauzidwa kuti "usakanene" ndiye nthawi yokanena. Anyamata nawonso amagwiriridwa, auzeni zomwezo. Zikachitika, thamangirani kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo kanenani ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala ya 5600 ndi yaulere pa nkhani za nkhanza zotere, ndipo 116 ndi ya ana.

Musamuuze kuti chikondi si cha anthu ngati iye. Adzachifunafuna mobisa, kwa anthu olakwika.

8. Dziwitsani anthu a m'dera

Kubisa mwana kumamuika pangozi. Mu Lilongwe muno mawu akuti "wakuba!" akangomveka mumsika, anthu safunsa kuti munthuyo ali bwanji m'mutu, ndipo wachinyamata amene sangathe kudzifotokozera msanga akhoza kuvulazidwa kapena kuphedwa apolisi asanafike. Chomuteteza pa nthawi imeneyo ndi munthu mmodzi wonena kuti, "Musiyeni, ndikumudziwa, ndi mwana wa mayi uje."

Choncho yendani naye mukamudziwitse kwa amfumu kapena a bulokulida, kwa a komiti ya chitetezo cha m'dera, kwa tcheyamani wa msika ndi wa siteji ya akabaza, kwa eni maokala a mumsewu wanu. Mawu ake ndi ochepa: "Uyu ndi mwana wanga, amachedwa kumva zinthu ndipo anthu amamupusitsa. Mukamuona ali ndi katundu wachilendo kapena ali ndi anthu okayikitsa, nayi nambala yanga." Muuzeni iye kaye kuti mukukanena chiyani, ndipo alonjere yekha. Asaime pambali ngati katundu.

Pitaninso kwa amayi ogulitsa kachasu, masana, mwaulemu, popanda gulu. "Mayi, ndabwera ngati kholo linzanu. Mwana uyu amamwa mankhwala a matenda akugwa, mowa ukhoza kumupha. Akabwera, chonde mubwezeni." Ambiri amamva, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe, komanso palibe wofuna kuti munthu akomokere pakhomo pake. Akapitiriza kumugulitsa, nkhaniyo ipite kwa amfumu.

9. Konzekerani tsiku la kupolisi lisanafike

Lembani pa kakhadi kaja dzina lake, mawu akuti "Ndili ndi ulumali wa muubongo, chonde imbirani wondisamalira musanandifunse mafunso", manambala awiri, ndi mankhwala amene amamwa. Kazikhala m'thumba nthawi zonse. Chitaninso sewero: wapolisi akamuimitsa asathawe, asalimbane, aonetse khadi, anene kuti, "Ndikufuna mayi anga abwere." Ngati n'kotheka pitani naye kupolisi ya m'dera lanu tsiku lopanda mlandu, akaone malowo ndi kulonjerana ndi a Victim Support Unit, kuti yunifomu isamamuthawitse.

Akamangidwa, fikani msanga ndi buku la kuchipatala ndi mankhwala ake. Dziwitsani wofufuza mlanduyo za ulumali wake ndipo pemphani kuti mukhalepo pomufunsa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa womangidwa ufulu wouzidwa chifukwa chomumangira m'chilankhulo chimene akumva, ufulu wokhala chete, ufulu wopeza loya, ndi wofikitsidwa kukhoti asanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati mulibe ndalama za loya pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa pa milandu, ndipo funsaninso za maparaligo (alangizi a zamalamulo amene si maloya) a bungwe la PASI amene amayendera anthu m'zitokosi ndi kundende. Loya akhoza kupempha khoti kuti madokotala amuyeze ngati akumvetsa mlandu umene akuyankha.

Chenjezo: choopsa kwambiri ndi sitetimenti. Munthu amene amavomera chilichonse kuti asiye kufunsidwa akhoza kuvomera mlandu umene sanapalamule, kapena kusenza yekha wa gulu lonse. Akakwana zaka 18 lamulo limamutenga ngati wamkulu, ndipo akhoza kukadikirira mlandu kundende ya Maula, kumene munthu wosatha kudziteteza amavutika koposa. Asasaine kapena kudinda chala inu kapena loya musanamve zimene zalembedwa.

10. Ngati wayamba kale

Musadikire kuti zifike poipa. A chipatala cha St John of God ku Area 43 amathandiza anthu amene akodwa mu mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo chipatala cha m'dera lanu chikhoza kukutumizani kwa a zaumoyo wa m'maganizo. Nambala yaulere ya 6600, ya bungwe la YONECO, ndi ya uphungu pa nkhani zomwezi. Auzeni aphungu za ulumali wake poyambirira, kuti azilankhula naye mwachidule, ndi zithunzi, inu mulipo. Uphungu wa pagulu wodalira kulankhula kwambiri nthawi zambiri umamudutsa pamwamba.

Ngati wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, musamusiyitse mwadzidzidzi pomutsekera m'chipinda. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa kamodzin'kamodzi limanjenjemera, munthu amaona zinthu zoti palibe, amagwa, ndipo ena amafa. Kusiya kotere kuchitike madokotala akuyang'anira. Akabwera ataledzera, mugonekeni chammbali, musamusiye yekha, ndipo ngati sakudzuka kapena akupuma movutika thamangirani naye kuchipatala. Zokambirana zidikire mawa mutu ukayera.

Zolakwika zimene ambiri amachita

Kumutsekera m'nyumba kapena kumumanga. Kupatula kuti ndi nkhanza, tsiku limene adzatuluke adzathamangira komwe kuja, ndipo sadzakuuzaninso kanthu.

Kumumenya akaulula. Mukamumenya chifukwa wanena kuti anamupatsa chamba, chimene waphunzira n'chakuti kunena n'koopsa. Muyamikireni kaye chifukwa chonena, mkwiyo wanu upite kwa amene anamupatsayo.

Kumutuma kukagula mowa kapena fodya wa abambo ake. Simungamuphunzitse kuti pa shabini ndi poopsa kwinaku mukumutumako ndi botolo m'manja. Ndipo alendo amene amamumwetsa pa ukwati kapena pa chinkhoswe kuti avine anthu aseke, aletseni pamaso pake, ngakhale atakhala akuluakulu a pabanja.

Kumulipirira chilichonse mwakachetechete. Akatenga chinthu cha mnansi, apite nanu kukabweza, apepese ndi pakamwa pake, ndipo kandalama kena kachoke pa mulu wake wa m'thumba. Ulumali ndi chifukwa chomufotokozera mofatsa, koma akaona kuti chilichonse chimangotha chokha adzabwereza.

Kusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mapemphero kapena asing'anga. Pempherani, koma mapilitsi a matenda akugwa asadukize ngakhale tsiku limodzi.

Kumutumiza kumudzi kwa agogo poganiza kuti kumeneko kulibe mayesero. Kachasu amatchezedwa komweko, chamba chimalimwa komweko, ndipo agogo okalamba sangamulondole.

Kusenza zonse munthu mmodzi. Nthawi zambiri amakhala mayi, ndipo akadwala kapena akapita kumaliro kwa sabata imodzi zonse zimagwa. Anthu atatu aja agawane masiku, aliyense adziwe mawu okanira amene munasankha, malamulo anayi aja ndi pamene pali buku la kuchipatala.

Kusiya sewero zinthu zikayamba kuyenda bwino. Pakapita miyezi osabwereza amaiwala, ndipo anzake atsopano amabwera ndi njira zatsopano. Bwerezani kamodzi pa sabata, ndipo onjezerani nthawi ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, nthawi ya misonkhano ya ndale pamene achinyamata amagawiridwa ndalama ndi mowa, komanso mukangosamukira dera lina, kumene muyenera kuyambiranso kumudziwitsa kwa amfumu, a chitetezo ndi eni maokala.